Kalingono pa Khoma la Kalasi: Mwana Waona Kapena Wauzidwa?

Mazenera atchingidwa ndi zitenje ziwiri ndi katoni kuti dzuwa la kunyanja lisalowe. Pa tebulo la aphunzitsi pali laputopu ndi kapulojekita kolumikizidwa ku batire ya sola. Ana a Fomu 2 athinana pa mabenchi, ena akhala pansi kutsogolo. Pakhoma pamene masiku onse pamangooneka laimu wosuluka, lero pakuoneka pansi pa nyanja ya Malawi. Nsomba yoyera ya mawangamawanga yatsikira pamchenga, yagwa cham'mbali, yangoti zii ngati idafa dzana. Tinsomba ting'onoting'ono tikusendera kuti tijomphe nyama yowola. Kamodzi kafika pafupi ndi pakamwa. Mtembo uja dzambatu, kansomba kaja psiti, kalasi yonse n'kukuwa.

Nsombayi asodzi amaitcha kalingono, dzina lonena za kugona, ndipo akatswiri a sayansi adailemba kuti Nimbochromis livingstonii. Ukathyali wake wodzifetsa dala udaonetsedwa padziko lonse mu 2023 mu kanema wa BBC wotchedwa Planet Earth III. M'kalasi yotereyi simulephera kukhala mwana wa msodzi amene adaiwonjolapo nsombayi mu ukonde, adaipala mamba, adadyerapo nsima, koma sadaionepo ikuchita zimenezi. Madzulo amathamangira kwa agogo ake amene akusoka ukonde pansi pa mtengo.

"Agogo, lero taona kalingono akunamizira kufa!"

"Mwamuona kuti? Munapita kumadzi?"

"Ayi agogo, pa kanema, kusukulu."

"Ndiye sunaone, mdzukulu wanga. Wauzidwa."

Agogowa sakutsutsa kuti nsombayo imatero. Dzina lake lomwelo ndi umboni woti munthu wina, kamera isanafike kunyanja, adakhala duu pathanthwe kapena m'bwato kusuzumira m'madzi oyera mpaka adaugwira mchitidwewo. Chimene iwo akukana n'choti mwanayo adzitche mboni. Funso limene aponyali ndi lakale kuposa sukulu, ndipo anthu achipembedzo ndi anthu oganiza mozama akhala akulimbana nalo zaka zikwizikwi: kodi munthu anganene liti kuti chinthu akuchidziwa, ndipo ndi liti pamene wangokhulupirira?

Ubwino wa kanema m'kalasi suchita kufunsa. Mwana wa ku Nsanje amene sadakwerepo phiri amaona nsonga ya Sapitwa, mamita 3,002 m'mwamba. Wa ku Ntchisi amaona phiri likulavula moto, madzi oundana akugumukira m'nyanja, mtima wa munthu ukupopa magazi. Pa sukulu yopanda labotale, foni ya aphunzitsi ndiyo maikulosikopu yokhayo imene ana adzaionere kachilombo ka malungo kakulowa m'magazi. Amene adaphunzira za mafunde a m'nyanja zamchere pongokopera notsi zapabolodi akudziwa kuti kumeneko kudali kuloweza chabe. Kanema ndi mphatso, ndipo ana a m'midzi akuyenera kuilandira monga anzawo a m'tauni. Mphamvu yakeyo ndi imenenso ikuchititsa kuti mawu a agogo aja asanyozedwe.

Amalawi akafuna kunena munthu wosamva za m'maluwa amati ameneyo ndi Tomasi Didimo. Nkhani yake ili m'mutu 20 wa Uthenga Wabwino wa Yohane: anzake adamuuza kuti aona Ambuye atauka, iye adakana kuvomera pokhapokha aone zipsera za misomali ndi kuzikhudza ndi chala chake. Ambiri amakumbukira za kuona, n'kuiwala za kukhudza. Tomasi adadziwa kuti maso paokha amanyengeka. Nkhaniyo imathera pa dalitso kwa okhulupirira asanaone, ndipo anthu oterowo amadziwa bwino lomwe kuti chimene akuchita ndi kukhulupirira. Mwana woyang'ana pakhoma uja ali pena. Iye amadziyesa Tomasi amene wapatsidwa umboni, chonsecho wakhala pampando wa munthu amene akumvetsera lipoti la anzake. Wakhulupirira osadziwa kuti wakhulupirira.

Kuti izi zimveke, ndi bwino kuona mmene kanema wa zachilengedwe amapangidwira. Planet Earth woyamba, wa mu 2006, amene mawu ake adayankhula ndi David Attenborough, adatenga zaka zisanu kuti atheke, ndipo zotsatira zake zidali zigawo 11, chilichonse chosakwana ola limodzi. Muli kambuku wa m'mapiri ozizira a ku Pakistan akuthamangitsa mbuzi yakuthengo potsetsereka, chithunzi chimene ojambula adachidikira nthawi yaitali m'chisanu. Mulinso nyanja ya Malawi, mbuna zake ndi mitambo ya nkhungu yofuka pamwamba pa madzi ngati utsi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu kanema, kudekhako adalipira ndi munthu wina. Mwana amalandira maso a nkhono ali kale pa mbale.

Pamenepa pali chimene chimatayika. Mwana wozolowera kuti mphindi iliyonse mkango ugwire mbawala, akapita kudambo n'kukhala mphindi khumi osaona kanthu, amabwerako akunena kuti kudambo kulibe chilichonse. Chonsecho kudambo n'kodzaza. Chasowa ndi munthu wotha kudikira. Siginala amene amatsogolera alovi usiku ndi nyali zake amadziwa pamene pali usipa poona kaonekedwe ka madzi, ndipo amamva kuti mwera ukubwera anzake asanaone funde. Nzeru imeneyo idalowa m'thupi mwake pang'onopang'ono, ndi usiku wambiri wobwerako chimanjamanja.

Komanso kanema amachita kusokedwa. Wolumikiza zithunzi amasankha mphindi zochepa pa maola mazanamazana. Kawirikawiri nkhani ya "mwana wa njovu wosochera" imalukidwa ndi zithunzi za masiku osiyana. Kamera yojambula kuchokera kutali singatole kuswaswata kwa mapazi a nyalugwe pa masamba ouma, choncho phokoso lambiri limapangidwa pambuyo pake mu situdiyo. Nyimbo nayo imauza woonera kuti amvere chisoni ndani, aope ndani. Zonsezi si bodza ayi, ndi luso la kafotokozedwe, monga wokamba nthano amadziwa pokweza mawu ndi potsitsa. Koma malire a luso ndi bodza adadumphidwapo. Mu 1958 kampani ya Disney idatulutsa White Wilderness, kanema amene adapata mphotho ya Oscar. Adaonetsa timakoswe ta kumaiko ozizira totchedwa lemming tikudziponya tokha kuchokera paphompho kugwera m'madzi, ngati tagwirizana zodzipha. Mu 1982 wailesi ya kanema ya ku Canada, CBC, idaulula kuti tinyamato tidachita kubweretsedwa ku Alberta kuchokera kwina, ndipo ojambula ndi amene ankatikankhira mu mtsinje wa Bow. Kwa zaka 24 anthu adaona "ndi maso awo" chinthu chimene nyamazo sizichita, ndipo mpaka lero alipo amene amachikhulupirira. Mu 2011 zidadziwikanso kuti ana obadwa kumene a chimbalangondo choyera mu Frozen Planet adajambulidwa kumalo osungira nyama ku Netherlands, ngakhale woonera ankayesa kuti ali m'phanga la chipale kumpoto kwa dziko. BBC idayankha kuti idafotokoza zimenezi pa tsamba lake la intaneti. Masiku ano kompyuta ikutha kupanga kanema wa nyama imene sidakhaleko, ndipo wotereyu amafika pa WhatsApp ya aphunzitsi mofanana ndendende ndi weniweni.

Ndiye agogo aja akhoza. Koma kukhoza kwawo sikutanthauza kuti chouzidwa n'chachabe. Palibe munthu amene adaona tsiku la kubadwa kwake. Adauzidwa ndi amayi ake, ndipo amalilemba pa fomu iliyonse mosakayika. Ochepa okha ndi amene adaona kachilombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu monga adachitira Ronald Ross ku India mu 1897, koma mamiliyoni amagona m'masikito chifukwa adakhulupirira umboni wake, ndipo ana awo ali moyo. Pafupifupi chilichonse chimene munthu amadziwa chokhudza kutali ndi kale adachilandira kwa mboni. Wasayansi naye amakhulupirira anzake. Sangabwereze yekha kafukufuku aliyense. Nkhani yagona pa kudziwa kufunsa mboni.

Luso limeneli Amalawi ali nalo kale. Pabwalo la amfumu mboni ikaimirira, nduna zimaifunsa: munali pomwepo? Munaima pati? Kunali kowala? Pali ubale wanji pakati pa inu ndi wodandaulayu? Ndaninso wina adaona? Buku la Deuteronomo limafuna mboni ziwiri kapena zitatu mlandu usanagamulidwe, ndipo Korani imalangiza okhulupirira kufufuza kaye nkhani yobwera ndi munthu wosadalirika asanachitepo kanthu. Ibn al-Haytham, Msilamu wobadwira ku Basra cha m'ma 965 amene adagwira ntchito yake yaikulu ku Cairo, adatseka chipinda kuti mukhale mdima, n'kusiya kabowo kamodzi, ndipo adaonetsa kuti kuwala kumayenda mowongoka ndi kuti munthu amaona chifukwa kuwala kwalowa m'diso. Munthu wopembedzayu adalemba buku lathunthu lokayikira Ptolemy, katswiri amene aliyense ankamugwadira, chifukwa ankakhulupirira kuti wofuna choonadi ayenera kuyesa zimene akuwerenga ndi kudzikayikiranso iye mwini. Kalasi yotchingidwa ndi zitenje ija ndi mdzukulu wa chipinda chake. Ikuyenera kulandiranso cholowa cha mafunso ake.

Pamene zinthu zimafika povuta ndi pamene kanema wayamba kunena za zaka mamiliyoni. Mawu a mu kanema amati mitundu mazanamazana ya mbuna, utaka ndi anzake a kalingono idachokera ku makolo amodzi mwa chisinthiko, ndipo chigwa chimene muli nyanjayi chidang'ambika zaka mamiliyoni zapitazo. Mwana amamva zimenezo Lachisanu. Loweruka kapena Lamulungu mwana yemweyo amamva za masiku asanu ndi limodzi a kulengedwa kwa dziko. Ngati ndi Mchewa wa kufupi ndi Dzalanyama, agogo ake aakazi adamuuzanso za Kaphirintiwa, pamene anthu oyamba ndi nyama adatsika ndi mvula n'kusiya mapazi awo pathanthwe lisanaume. Tsiku lina dzanja limakwera kumbuyo kwa kalasi: "Aphunzitsi, ndiye zoona n'ziti?"

Aphunzitsi ambiri, amene enanso ndi akulu a mpingo, amayankha kuti izi n'zolembera mayeso, zinazo n'za kutchalitchi. Yankho limeneli limatseka pakamwa pa mwana, komanso limamuphunzitsa chinthu choopsa, choti munthu akhoza kulemba chimene sakhulupirira bola akhoze. Pali njira yabwino kuposa imeneyi, ndipo imayamba ndi kuimitsa kanemayo.

Mu kanema mmodzi mumayankhula mawu a mitundu itatu, koma onse amatuluka mu sipika imodzi ndi liwu limodzi lokoma. Oyamba ndi a chimene kamera idajambula: nsomba yaikazi ikusunga mazira m'kamwa mpaka aswe. Chimenechi mwana akhoza kukachitsimikiza yekha ku Cape Maclear, m'paki imene UNESCO idaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, kapena pongotsegula pakamwa pa chambo chogwidwa nthawi yoswana. Achiwiri ndi a chimene palibe kamera idajambula, koma akatswiri adachipeza potsata zizindikiro, monga mlenje amadziwira kuti padutsa nguluwe usiku. Zaka mamiliyoni zili m'gulu limeneli, ndipo zizindikiro zake si zongopeka. Mu 2005 akatswiri adakweza makina obowolera pa chombo cha Viphya n'kuboola pansi pa nyanjayi, natulutsa matope a kuya kwa mamita 380, oyalana ngati masamba a buku, osunga mbiri ya zaka zoposa miliyoni imodzi. Matopewo adaonetsa kuti nyanjayi idaphwerapo kwambiri kambirimbiri n'kudzazanso. Ku Karonga, m'nyumba yosungira mbiri imene idatsegulidwa mu 2004, mwana akhoza kuima pansi pa chigoba cha chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus ndi kumva za chibwano cha munthu wakalekale cha ku Uraha chimene chidapezeka mu 1991, cha zaka pafupifupi mamiliyoni awiri ndi theka. Umboni umenewu ndi wolemera, ndipo kuubisa kwa ana poopa kuti ugwedeza chikhulupiriro chawo ndi kuwalakwira. Chikhulupiriro chimene chingagwe chifukwa cha matope a pansi pa nyanja chidamangidwa posalimba.

Mawu achitatu ndi a tanthauzo: kuti zonsezi zilipo chifukwa chiyani, kuti zili ndi mwini kapena ayi, kuti munthu ndi ndani pakati pake. Apa kamera ilibe chonena, ngakhale wofotokoza atalankhula molimba mtima chotani. Pa 24 Disembala 1968, William Anders adajambula dziko lapansi likutuluka kuseri kwa mwezi ali m'chombo cha Apollo 8. Tsiku lomwelo iye ndi anzake awiri, Frank Borman ndi Jim Lovell, adawerengera anthu a padziko ndime zoyambirira za Genesis. Mayi wina wa ku America wosakhulupirira Mulungu, Madalyn Murray O'Hair, adakasuma kukhoti chifukwa cha kuwerengako. Onsewa ankayang'ana dziko limodzi lomwelo, ndipo chithunzicho sichidagamule mlandu wawo. Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium amene mu 1927 adaonetsa ndi masamu kuti thambo likufutukuka, kenaka n'kuyambitsa ganizo limene lero limatchedwa Big Bang, ankazindikira malire amenewa kuposa ambiri. Papa Pius XII atanena mu 1951 kuti sayansi yatsimikiza za kulengedwa kwa dziko, Lemaître sadakondwe nazo. Sankafuna kuti Mulungu atsamire pa masamu amene mawa akhoza kukonzedwa, kapenanso kuti masamu akakamizidwe kulalika.

Anthu a kum'mwera kwa Malawi malirewa amawadziwa ndi misozi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, dzina la Napolo lidamvekanso, monga lidamvekera ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Kanema wabwino wa jogalafe amaonetsa bwino lomwe mmene dothi la pamtsetse limakhutira madzi, kulemera, n'kuterereka pathanthwe, makamaka pamene mitengo idadulidwa. Mwana aliyense wokhala m'tsinde mwa phiri ayenera kuonera zimenezi, pakuti zikhoza kupulumutsa banja lake. Koma mwana amene adataya mng'ono wake usiku umenewo ali ndi funso lina: bwanji nyumba yathu, osati ya pafupi? Mphunzitsi woona mtima amavomera kuti kanema wafika pothera, ndipo salola kuti liwu la mu sipika lioneke ngati layankha chimene silidayankhe.

Chochititsa chidwi n'choti mabuku opatulikawo sauza munthu kuti atseke maso. Buku la Miyambo limatuma waulesi kukaphunzira kwa nyerere. Yobu atafunsa za mavuto ake, adaonetsedwa nthiwatiwa, mbidzi ya m'chipululu, chiwombankhanga ndi nkhokwe za matalala. Yesu adalozera omvera ake ku mbalame ndi maluwa akuthengo. Korani imabwereza kuuza anthu kuti ayende padziko ndi kuyang'ana. Onsewa akutuma munthu panja, ndipo kanema wa m'kalasi wagwira ntchito yake ngati naye watuma ana panja. Thomas Edison adalosera mu 1913 kuti posachedwa mabuku adzatha ntchito m'sukulu chifukwa cha kanema. Zaka zoposa zana zadutsa, mabuku alipobe, mphunzitsi aliponso, pakuti khoma silimva funso la mwana ndipo silingamugwire dzanja kupita naye kumtsinje.

Pali chitsanzo chimodzi chimene dziko la Malawi lidachita nacho mwayi. Kanema aliyense wa jogalafe amaonetsa dziko lozungulira ngati mpira, ndipo ana amavomera chifukwa aona pakhoma. Cha m'ma 240 Yesu asanabadwe, Eratosthenes, woyang'anira nyumba ya mabuku ku Alexandria, adamva kuti ku Syene, kumene lero ndi Aswan, dzuwa limafika paliwombo penipeni tsiku lina pachaka moti ndodo yoimika siikhala ndi mthunzi. Tsiku lomwelo iye adayeza mthunzi ku Alexandria napeza kupendekeka kwa madigiri pafupifupi 7, ndipo ndi zimenezo adawerengera kukula kwa dziko lonse. Pakati pa Karonga ndi Nsanje palinso madigiri pafupifupi 7 omwewo, mtunda wa makilomita pafupifupi 780 kuchoka kumpoto kulunjika kum'mwera.

Aphunzitsi awiri a jogalafe, wina ku Nsanje wina ku Karonga, angopatsana manambala a foni. Cha pa 9 Novembala, kapena cha pa 2 Febuluwale, sukulu zili m'kati, aliyense atulutse ana ake pabwalo, aimike ndodo ya mita imodzi mowongoka pamalo osalala, ndipo ana adikire pamenepo mpaka mthunzi ufupike kotheratu. Ku Nsanje mthunzi udzalowa pansi pa ndodo n'kusowa. Ku Karonga udzatsala wa masentimita pafupifupi 12, woloza kumpoto. Madigiri 7 amalowa ka 51 mu 360, ndipo 780 kuchulukitsa ndi 51 ikupereka makilomita pafupifupi 40,000, umene ndi mtunda wozungulira dziko lapansi. Zofunika ndi ndodo, rula, choko ndi mayunitsi oimbira foni kamodzi.